Voisi noti ya malume ndi dzina la Freddy

Guluupu ya WhatsApp ya kubanja kwathu imakhala zii masiku ambiri, kupatula kukagwa maliro kapena wina akafuna thandizo la fizi. Koma sabata ija ya namondwe Freddy, mu Malichi 2023, foni imachita kutentha m'manja. Ine ndinali ku Blantyre kuno, magetsi kulibe, netiweki ikubwera ikupita, tikumva zoti ku Chilobwe phiri la Soche latsika usiku ndi matope ndi miyala n'kukwirira anthu ali mtulo, kumudzi ku Phalombe nako sitikudziwa kuti abale ali moyo kapena ayi. Ndiye pakati pa mauthenga a "kwacha bwanji kumeneko" ndi zithunzi za milatho yoduka, malume anga anaponya voisi noti ya mphindi pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Sanali iwo olankhula, inali ija yofowadidwa kambirimbiri. Mkulu wina wa mawu okhathamira ngati wa pa wailesi amafotokoza modekha kuti namondweyu si wa Mulungu, azungu ali ndi makina opangira mphepo ndipo akutiyesera ife, umboni wake ndi woti anamupatsa dzina asanafike n'komwe. Pomaliza anafunsa kuti, kodi mwana umamutcha dzina ngati si wako?

Ndisaname, funso limenelo ndi lokoma. Lero ndikalikumbukira ndimachita kugwedeza mutu kuti mkulu ameneuja amadziwa kulankhula ndi anthu. Koma tsiku limenelo ndinali ndi mantha komanso mkwiyo, nde ndinangoponya linki ya nkhani ina ya Chingerezi, pansi pake n'kulemba kuti "Malume izi ndi zabodza tasiyani kufowada zilizonse", n'kuikanso kankhope koseka kaja. Guluupu inati zii. Patapita kanthawi mayi aang'ono anandiimbira, sanandipatse ndi moni yemwe, "Iwe, malume ako ungawaseke pagulu ana ali pomwepo?" Madzulo ake malume anayankha mzere umodzi okha: "Sukulu tinakulipirira ndife, lero ukutiyankha m'Chingerezi."

Zinandiwawa chifukwa zinali zoona. Taganizani, voisi noti ija inali m'Chichewa chomveka bwino, simadya bandulo yambiri, ngakhale agogo osadziwa kuwerenga atha kuimvera ali pa mkeka akusenda mbatata. Linki yanga imafuna data, imafuna Chingerezi cha ku yunivesite, ukaitsegula umakumana ndi magirafu a mizere yofiira ndi yobiriwira. Wabodza anabwera ngati mlendo waulemu wogogoda n'kukhala pansi, ine wonena zoona ndinabwera ngati mesenjala wa kukhoti.

Mu Juni chaka chomwecho ndinapita kumudzi. Munda wa malume wa kumunsi kuja unali mchenga okhaokha ndi miyala, ina yaikulu ngati ng'ombe yogona, moti sungakhulupirire kuti pamenepo pamatuluka matumba a chimanga ndi nandolo. Ndinawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga, beseni lamadzi lili pakati pa miyendo, akuviika chubucho pang'onopang'ono kufuna pomwe patuluke thovu. Ndinapepesa kaye za pa guluupu paja, iwo anangoti "zinatha zimenezo, tagwira apa". Ndinagwira chubu. Kenako okha anayambitsa, osandiyang'ana: "Koma iwe wa sukuluwe tandiuza. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Nanga ameneyu anayimba bwanji ng'oma sabata yathunthu pa wailesi, ndi dzina lomwe?"

Apa ndinayamba ndi fumbi. Ndinati malume, mu Okutobala mukaima pa msewu wafumbi uwu n'kuona fumbi likukwera kutali uko, mumadziwa kuti kukubwera lole, mumauza ana kuti achoke pamsewu, kodi ndiye kuti lole mwaipanga ndinu? Anaseka. Ndinawauza kuti kumwamba kuli ma satelayiti ojambula mitambo usana ndi usiku, ndipo namondwe si chinthu chobisika, ndi chimtambo chozungulira chachikulu kuposa chigawo chonse cha kummwera kuno, komanso sichithamanga, chimayenda mwa kabaza wotopa ngakhale mphepo ya mkati mwake ili yoopsa. Freddy anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, anawoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, anamenya Madagascar, anamenya Mozambique, anabwereranso m'nyanja kukatenga mphamvu zina, n'kudzalowanso cha ku Quelimane pa 11 Malichi, ndipo mvula yake ndi imene inatipeza ife. Bungwe la zanyengo la dziko lonse, la WMO, linadzatsimikiza pambuyo pake kuti anakhala masiku 36, palibe namondwe wina wolembedwa amene anakhalitsa chotero. Ndiye chinthu choyenda mwezi wathunthu anthu akuchiona, kulephera kuchiimbira ng'oma kukanakhala kulakwa kwenikweni.

Za dzina ndi zomwe zinawagwira mtima. Mayinawa amalembedwa kale pa mndandanda nyengo ya mvula isanayambe, motsatira alifabeti, ngati kaundula wa m'kalasi, ndipo maiko a dera lino ndi amene amapereka mayinawo. Cholinga n'choti pa wailesi asamasokoneze akakhala awiri nthawi imodzi. Freddy anatchedwa ndi a zanyengo a ku Australia poti anabadwira kwawoko. Koma ndinawafunsa kuti, nanga Idai uja wa 2019 amene anasakaza Beira, ndi Batsirai wa 2022, amenewo ndi mayina achizungu? Malume ali mnyamata anakhalako ku Harare, Chishona amachimva. Anasiya chubu, "Batsirai? Kubatsira ndi kuthandizatu kumeneko. Ndiye kuti a ku Zimbabwe nawonso ali ndi makinawo?" Anadziyankha okha ndi phwete. Ine sindinawonjezerepo kanthu, ndinaphunzira kuti munthu wamkulu akafika yekha pa yankho usamamuthamangire kutsogolo.

Kufotokoza za kusintha kwa nyengo kwenikweniko kunali kovutirapo, poti mawu akewo tinawamva kwambiri mpaka anasukuluka. Aliyense amangoti "kusintha kwa nyengo", wandale, wa bungwe, wogulitsa feteleza, koma ukafunsa kuti chikusintha n'chiyani ndipo akuchisintha ndani, anthu amangoti mitengo. Ine ndinayesa za minibasi yoima padzuwa pa depoti ya Limbe mawindo ali otseka, kondakitala akudikira kuti idzadze, dzuwa likulowa koma kutentha osatuluka. Malume anati zimenezo akuzidziwa koma dziko lilibe mawindo. Chabwino. Ndinasintha n'kunena za bulangete, aphunzitsi a fizikisi andikhululukire. Dziko lili ndi bulangete la mpweya lomwe limasunga kutentha, popanda limenelo bwenzi tonse titauma ndi chisanu. Vuto ndi loti anthu akamaotcha malasha, petulo, dizilo ndi gasi, mpweya wa kaboni umene umatuluka umakawonjezera bulangetelo. Mafakitale asanachuluke mpweya umenewu unali pafupifupi magawo 280 pa miliyoni iliyonse, pano wadutsa 420, ndipo si zongoganiza, akhala akuuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii kuyambira 1958. Kufunda mabulangete awiri mu Okutobala, ndi zimene dziko likuchita.

Iwo anati zimenezi ndi nkhani za mabungwe zofunira ndalama, zabwera dzulodzuloli. Apa ndinali ndi kachidutswa kamodzi komwe ndimakakonda. Wasayansi wina wa ku Sweden, Svante Arrhenius, anawerengetsa kale mu 1896 kuti mpweya wa kaboni ukachuluka dziko lidzatentha. 1896, John Chilembwe asanadzuke n'komwe mu 1915, kulibe bungwe la galimoto zoyera ngakhale limodzi, kulibe alawansi ya semina. Malume amalemekeza zinthu zakale, nde chaka chimenecho chinagwira ntchito kuposa girafu iliyonse.

Nanga kutenthako kukukhudzana bwanji ndi mvula, si bwenzi kukungouma? Pa chingwe panali zovala za azakhali, ndinaloza zomwezo. Mu Juni zovala zimatha tsiku lonse zili zonyowa, mu Okutobala ukamamaliza kuyanika chomaliza choyamba chauma. Madziwo amapita kuti? Mumpweya. Mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, asayansi amati kutentha kukakwera ndi digiri imodzi umatha kunyamula pafupifupi 7 peresenti yowonjezera. Ndipo namondwe chakudya chake ndi madzi ofunda a m'nyanja, amafuna a madigiri 26 kapena 27 kupita m'mwamba, ndiye nyanja ikamafundirafundira ndi ngati ukumuwonjezera ndiwo. Chimene chakwera chimayenera kutsika, chikakumana ndi mapiri ngati Mulanje ndi Michesi chimakhuthukira pomwepo.

Apa ndi pomwe malume anatulutsa mfuti yawo yaikulu. "Iwe unali usanabadwe. Mu 1991 napolo anatsika m'Michesi umu ine ndikuona ndi maso angawa, anthu mazanamazana anapita. Akuluakulu amatiuzanso za napolo wa ku Zomba wa 1946. Nthawi imeneyo bulangete lakoli linali kuti?"

Kale ndikanayamba kukangana nawo za napolo, kuti si chinjoka, ndi dothi lokhuta madzi lomwe limagumuka. Koma ndinaona kuti zimenezo zilibe phindu, ndipo mawu akuti napolo ine ndimawakonda, munthu wa ku Phalombe ukamuuza kuti kukubwera napolo amadziwa chochita kuposa ukamuuza mawu a m'buku la jogalafe. Ndinangowavomera kuti akunena zoona, napolo analipo, anamondwe analipo, chilala chinaliponso, cha 1949 agogo amachisimba mpaka kumwalira kwawo. Sayansi sikunena kuti kusintha kwa nyengo ndi kumene kunabereka namondwe. Sikunenanso motsimikiza kuti anamondwe achuluka chiwerengero. Chimene ikunena n'choti amene akubwerawo ambiri akumakhala amphamvu ndipo akumasenza mvula yochuluka. Mbava inalipo kale m'mudzi, koma pano ikubwera itadya bwino. Ndinawauzanso za kagulu ka asayansi kotchedwa World Weather Attribution, kamene kanafufuza mvula ya anamondwe Ana ndi Batsirai mu 2022, Ana yemwe uja anaononga Kapichira n'kutisiya mu mdima wa mabulakauti miyezi yambirimbiri. Anapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvulayo, koma ananenanso poyera kuti sangathe kutchula mlingo weniweni chifukwa malo oyezera mvula okhala ndi zolembedwa za zaka zambiri ndi ochepa kwambiri kuno kwathu.

Mukudziwa, mfundo imeneyi ndimaiopa kuti malume aigwiritsa ntchito kundigwetsa, kuti waona, ngakhale iwowo sakudziwa. Koma zinatembenuka. Anati, "Ameneyo nde munthu. Wonena kuti apa ndadziwa apa sindinafikepo. Uja wa mu foni uja amadziwa zonse." Chubu chinali chitamatika, anachipopa n'kuchiviikanso, thovu osatuluka.

Tsono pali mbali ina imene anzanga okonda za chilengedwe sakonda kuti ndiziinena. Bodza la za nyengo si la okhawo onena za makina a azungu. Liliponso bodza lovala tayi, lija loti chilichonse choipa chikachitika tingoti kusintha kwa nyengo basi nkhani yatha. Amene amakhala ku Blantyre akudziwa mmene Soche ndi Ndirande amaonekera, mapiri ometedwa mpala, nyumba zikukwera mpaka m'malo oti ngakhale mbuzi imaganiza kawiri, ngalande zodzadza mapulasitiki. Mvula ya Freddy inali yoopsa, inde, anthu opitirira 1,000 anafa kapena kusowa ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala, koma madzi akagwa pa phiri lopanda mizu zotsatira zake sizifanana ndi akagwa m'nkhalango. Ukangoti zonse ndi utsi wa ku Ulaya ndi ku China ndiye kuti amene amayenera kuletsa kumanga m'mphepete mwa phiri wapulumuka, ndipo ifenso ogula makala tsiku ndi tsiku tapulumuka, ine ndemwe mbaula ndili nayo, sindikudziyeretsa.

Kwinaku pali kusokoneza kwina kotembenuza, komwe ana amabwera nako kuchokera ku sukulu, koti dziko likutentha chifukwa amayi a kumudzi akudula nkhuni. Ayi ndithu. Utsi wonse wa Malawi ukauika pa sikelo ya dziko lonse sufika olo pafupi ndi 1 peresenti, amene anakulitsa bulangete ndi maiko a mafakitale. Kudula mitengo kwathu kukutipweteka ifeyo pompano, nthaka ikukokoloka, mitsinje ikudzadza mchenga, Shire akubwera ndi matope ku makina a magetsi. Zinthu ziwirizi ndi zoona zonse koma ndi nkhani ziwiri, ukaziphatikiza munthu amadzala mitengo khumi n'kumadikira kuti namondwe asabwerenso, akabwera amati munatinamiza.

Chimene chinandichititsa kuti nkhaniyi ndisaitenge ngati macheza chabe ndi chaka chotsatira. Mvula ya 2023 mpaka 2024 inadula pakati, Febuluwale dzuwa lili phwee chimanga chikufota chili ndi ngayaye, mpaka mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chifukwa chake chinali El Niño, kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific cha kufupi ndi Peru komwe kumachitika pakapita zaka zingapo n'kusokoneza mvula madera ambiri, kuno kummwera kwa Africa nthawi zambiri kumabweretsa ng'amba, ngati zinachitikira mu 2015 ndi 2016. A zanyengo anali atanena miyezi ingapo mvula isanayambe. Koma m'mudzi wina woyandikana ndi kwathu nkhani inali yoti pali agogo ena akumanga mvula, ati anawaona ataika mphika chozondoka kuseri kwa nyumba. Agogo oti ngakhale ndowa sangathe kusenza. Anyamata anayamba kusonkhana madzulo, ndipo tonse tikudziwa mmene zoterezi zimathera m'dziko muno, takhala tikumva za okalamba omenyedwa ngakhale kuphedwa powaganizira ufiti, ndipo za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe komweku sitinaiwale, anthu anafa chifukwa cha mphekesera. Amene anapita kwa amfumu kukalankhula anali malume. Ndinamva kwa azakhali kuti anafunsa anyamatawo kuti, ngati agogowa amanga mvula, ndiye amanganso ya ku Zambia ndi ya ku Zimbabwe yomwe, poti konseko chimanga chapsa? Mphika umodzi? Za Pacific sanatchule n'komwe, kaya anaiwala dzinalo kaya anaona kuti n'zosafunika, koma anyamata anabalalika.

Pali dandaulo lina lomwe ndimalimva paliponse, mu minibasi, ku tchalitchi, loti a zanyengo ndi abodza, anati kugwa mvula koma kwathu sikunagwe. Apa vuto ndimaliona pa kamasuliridwe. Akatswiri aja amalankhula za mwayi, kuti m'dera lalikulu chonchi mpata woti mvula igwe ndi waukulu, koma pofika pa wailesi kapena pakamwa pa munthu wachitatu zasanduka "mawa kugwa mvula", ngati lonjezo la ngongole. Ndiye ikagwa ku Migowi koma osagwa pa munda wako, wabodza wapezeka. Ine ndimawauza za nkhuku yofungatira mazira khumi, ukanena kuti ambiri aswa sunaname ngakhale awiri atasukusa. Ndipo zizindikiro zathu zakale sindimazinyoza, malume amayang'ana mmene mango aberekera, mphepo kumene ikuchokera, nyerere, ndipo zina mwa zimenezo zili ndi nzeru ya zaka zambiri zoona ndi maso. Chabe kuti iwo omwe amavomereza kuti masiku ano zizindikirozo zikumawaphonya, chizimalupsa chikumabwera mwa apo ndi apo, mvula yodzalira ikumachedwa. Pamenepo ndi pomwe timakumana, iwo akuona m'munda kuti china chake chasintha, ine ndikungobweretsa dzina la chimene chasinthacho. 2024 inali chaka chotentha kuposa zaka zonse zolembedwa, pafupifupi digiri imodzi ndi theka pamwamba pa nthawi ya mafakitale asanachuluke, koma malume sanafunike WMO kuti iwauze kuti Novembala wa masiku ano sagoneka m'nyumba ya malata.

Nde pano ndinasiya zoponya malinki. A Nthambi ya Zanyengo akatulutsa chenjezo, ndimaliwerenga bwinobwino kenako ndimajambula voisi noti yanga, mphindi imodzi ndi theka osapitirira, ndimayamba ndi moni kwa akuluakulu onse mwa ulemu wake, kenako n'kunena chimene chikubwera, liti, madera ati, ndipo anena ndani. Ndikalakwitsa ndimabwereranso kudzanena kuti ndinalakwitsa. Mawu anga si okhathamira ngati a mkulu uja, ndimachita chibwibwi, nthawi zina kumbuyo kumamveka tambala wa aneba. Wina akafowada zachilendo sindiyankhanso pagulu, ndimamuimbira payekha, zimadya ma yuniti koma bola.

Mu Disembala 2024 kukubwera namondwe Chido ndinachita chimodzimodzi. Patangopita ola, voisi noti yanga inandibwerera kuchokera ku guluupu ina ya anthu a kumudzi, yofowadidwa, ndipo pamwamba pake panali ina ya malume ya masekondi makumi awiri. Amati, "Mverani mwana wa mlongo wangayu, za mphepozi amazitsata. Dzinali ndi la Chishona musadabwe nalo. A kumunsi kwa mtsinje samukani lero lomwe, mbuzi musazisiye." Kenako anatsokomola n'kuwonjezera kuti koma zoti anthu anapita ku mwezi zokhazo asakunamizeni, ameneyo ndikambirana naye akabwera pa Khrisimasi.